Ndikapita kwa kochi, amalume anditaya

Aphungu,

Ndine mnyamata wa zaka 26, ndipo ndimagwira ntchito yomata matayala m'mbali mwa msewu waukulu. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi tsopano ndakhala ndikunyamula zitsulo. Si zija zopikisana kuti wanyamula cholemera ndani ayi, koma zomanga thupi, zimene mumakaima pa siteji mutavala kakabudula kakang'ono, oweruza n'kumakuyang'anani minofu kuyambira kukhosi mpaka kuchidendene. Ndikudziwa kuti ena amaziona ngati zachibwana, koma kwa ine ndi chinthu chokhacho chimene ndimachita bwino kuposa anzanga. Vuto langa ndi amalume anga, ndipo ndagwira njakata.

Amalumewa ndi alongo awo a malemu mayi anga. Ananditenga ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, maliro atangotha, ndipo mpaka lero ndimagona m'nyumba mwawo. Ntchito yawo ndi yowotcherera zitsulo: mageti, mafelemu a mawindo, mabedi. Anthu onse amangowatchula kuti a Injini, chifukwa akayamba kunyamula amapuma ngati lole ikukwera chitunda. Kuseri kwa malo awo antchito kuli shedi ya malata, ndipo shediyo ndiyo jimu yathu. Benchi anawotcherera okha. Zolemera zake ndi zitsulo zakale za magalimoto ndi zitini za penti zothiramo simenti. Anthu opitirira makumi awiri adutsa m'menemo, ndipo palibe amene analipirapo kanthu. Ine ndinalowamo ndili wowonda ngati waya, moti mphepo ikawomba anthu ankandiuza kuti ndiike miyala m'thumba.

Sindikufuna muwaone ngati munthu woipa. Nditalephera mayeso anangoti, "Mutu wakana, koma manja alipo," ndipo ntchito ya matayalayi anakandipezera ndi iwo. Ali ndi nkhuku zawo zoikira, ndipo kuyambira tsiku limene ndinagwira chitsulo, m'mawa uliwonse ndimapeza mazira atatu owiritsa pawindo la chipinda changa. Salankhula zambiri, amangochita.

M'shedimo muli galasi limodzi lokha. Linali la pachitseko cha wadiropu yakale, koma m'munsi mwake munasweka, ndiye limaonetsa munthu kuyambira pamchombo kupita m'mwamba. Tonse timanyamulira patsogolo pa galasi limenelo. Chinanso, pansi pamakhala tizidutswa takuthwa ta zitsulo, ndiye lamulo la amalume n'lakuti aliyense azivala thalauza lalitali ndi nsapato. Dongosolo lawo silisintha: Lolemba chifuwa, Lachiwiri mikono, Lachitatu mapewa, Lachinayi chifuwa kachiwiri, Lachisanu mikono. Tsiku lina ndinawafunsa za miyendo, iwo anati, "Iwe popita kuntchito umayenda pansi, sichoncho? Miyendo imakula yokha." Ndinakhulupirira, chifukwa kushedi mawu a amalume satsutsidwa.

Chaka chatha ndinalowa mpikisano wanga woyamba, ndipo amalume ndiwo anandikonzekeretsa. Anati kuti mitsempha ioneke bwino ndisamwe madzi masiku awiri, mchere ndisalawenso, akuti ndi mmene ankachitira akatswiri akale. Tsikulo litafika milomo inali itauma gwa, koma chifuwa chinali chitatukuka ndithu. Tinali anthu khumi ndi mmodzi pa siteji, ine nditapachikidwa nambala seveni. Titaima moyang'ana anthu holo inachita phokoso, ndipo ndinamva amalume akukuwa dzina langa kumbuyo kwenikweni. Kenako mkulu wa oweruza anati titembenuke, tionetse msana ndi miyendo. Aphungu, kunena zoona, ine msana wanga ndinali ndisanauonepo chibadwire. Sindinadziwe kuti manja ndiwaike pati, phazi liti ndiliponye kumbuyo. Ndinangosuzumira mnzanga wa pambali n'kumatengera. Pomwepo munthu wina m'holo anakuwa kuti, "Nambala seveni, miyendoyo wabwereka kwa ndani?" Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Nditati ndikunge ntchafu kuti ndiwatseke pakamwa, minofu ya mwendo wakumanzere inakokana, chizungulire chinandigwira, ndipo ndinagwada pansi anthu onse akuona. Potsika anachita kundigwira m'khwapa. Ndinakhala wachikhumi, ndipo wotsirizayo sanamalize n'komwe.

Kuseri kwa siteji kunabwera mayi ena a zaka ngati makumi anayi, aafupi, a mapewa otakata, atakoleka tepi m'khosi ngati telala. Anandipatsa botolo la madzi othira mchere ndi shuga, n'kundiuza kuti ndizimwa pang'onopang'ono. Ndinamva pambuyo pake kuti ndi kochi, anapikisanapo okha zaka zambiri, ndipo atatu mwa asanu oyambirira tsikulo anali ophunzira awo. Nditatsitsimuka anandiuza kuti ndiimirire, n'kundijambula kumsana ndi foni yanga yomwe. Anati, "Achimwene, pamwambapa pali munthu wa mpikisano, koma m'munsimu simunasamukire aliyense. Ndipo amene anakuuzani kuti musamwe madzi mwina amakukondani, koma akanakuphani." Amalume sanamve zimenezi, anali kutsogolo akukangana ndi oweruza. Njira yonse yobwerera kunyumba ankangoti, "Akubera, mphwanga. Oweruza aja amadziwana ndi a majimu akuluakulu." Ine ndinavomera, chithunzi chili m'thumba. Mpaka lero sindinawaonetse. Ndikachiyang'ana ndimaona mgolo woimikidwa pa timitengo tiwiri.

Kuntchito dzina langa lenileni linatha. Wina anajambula kugwa kwanga n'kutumiza m'mafoni, ndiye onse amangonditchula kuti Seveni. Abwana anga akamandituma amati, "Seveni, gubuduza tayala ilo, koma samala miyendo ya eni." Ndimaseka nawo, koma zimandiwawa, ndipo chichitikire zimenezo sindinavalenso kabudula pagulu.

Mwezi watha ndinalimba mtima n'kupita kukawaona mayi a tepi aja. Jimu yawo ili pamwamba pa sitolo ina yogulitsa matailosi, ndipo makoma ake ndi magalasi ofika pansi, moti ndinachita manyazi kuvula thalauza. Anandiyeza paliponse ndi tepi ija n'kumalemba m'kope. Anandifunsa chimene ndimadya, nthawi imene ndimagona, matayala angati a lole amene ndimagubuduza patsiku, ndiponso ngati pali pamene pamandiwawa. Nditatchula phewa lakumanja, limene lakhala likundiluma chaka chathunthu, anandiuza kuti ndikweze mkono, n'kupukusa mutu. Pa zaka zonsezi palibe amene anandifunsapo mafunso otere. Kwa amalume, phewa likawawa ndiye kuti likukula. Kenako anandisenzetsa chitsulo chopepuka kuti ndinyonyomale nacho kakhumi. Pofika kachisanu ndi chitatu maondo anali akunjenjemera, pamene pambali panga mtsikana wochepa thupi ankanyonyomala ndi cholemera kawiri kuposa changa uku akucheza ndi mnzake. Masitepe ndinatsika nditagwira khoma.

Anandiuza kuti kukonzekera mpikisano wotsatira kutenga milungu khumi ndi isanu ndi umodzi, ndipo ndikamvera ndikhoza kukaima osachititsa manyazi. Za kupambana sanalonjeze. Malipiro awo ndingawakwanitse nditadzimana zina. Koma ali ndi malamulo awiri. Loyamba, za jakisoni wokulitsa thupi safuna kumva n'komwe. Lachiwiri, pa milungu yonseyo ndizimvera munthu mmodzi, kutanthauza kuti zonyamula kushedi ndiyambe ndasiya. Amatenga anthu asanu ndi mmodzi okha, ndipo patsala malo a munthu mmodzi. Ayamba Lolemba loyamba la mwezi wamawa, ndikapanda kufika apatsa wina.

Apa ndiye pagona nkhani, Aphungu. Zaka zitatu zapitazo tinali ndi mnzathu wina, tinkamutchula Sipanala, amene amalume ankamukonda kwambiri. Anayamba kupita ku jimu ina mwakabisira, kushedi n'kumanamiza kuti akudwala. Amalume anadziwa ataona chithunzi chake pa foni ya kasitomala, atavala malaya a jimu inayo. Anangochotsa lamba wake wonyamulira zitsulo pamsomali wa m'shedi n'kumuponya pa mulu wa zitsulo zotha ntchito. Mpaka lero Sipanala akawapatsa moni pamsewu amayang'ana kumbali, ndipo dzina lake likatchulidwa amati, "Ameneyo ndani? Sindikumudziwa." Ngati anatero ndi mwana wa eni, nanga ine amene anandilera?

Choipa kwambiri n'chakuti ayamba kale kukonzekera. Sabata yatha anandiwotcherera chitsulo chatsopano chachitali, n'kuchipaka utoto wofiira. Akazi awo, amene ndimawatchula kuti mayi, anandinong'oneza kuti, "Amalume ako akuuza kasitomala aliyense kuti chaka chino mphwawo abwera ndi chikho. Usawagwetse mphwayi." Ndayesapo kawiri kuyambitsa nkhaniyi, koma akakweza chigoba chawo chotchinga kumaso n'kundiyang'ana, ndimapezeka ndikufunsa ngati geti latha.

Anzanga akundipatsa nzeru zosiyanasiyana. Wina, timamutchula Bomba, akuti kochi n'kutaya ndalama chabe chifukwa zonse zili pa foni, ndipo iye akhoza kundipezera jakisoni woti miyendo ifufume pa milungu isanu ndi umodzi. Ine maganizo anga ndi akuti ndizipita kwa kochi m'mamawa ndisanalowe ntchito, madzulo n'kumaonekera kushedi monga mwa masiku onse, kuti aliyense asadziwe za mnzake. Ndikapambana amalume adzasangalala, ndipo mwina sadzafunsa zambiri.

Ndithandizeni. Kodi kochi ndi wofunikadi, kapena ndangotengeka ndi magalasi? Kodi ndikapita ndiye kuti ndine wosayamika? Manyazi a chaka chatha sindikufuna kuwaonanso, koma amalume ndiwo bambo anga ndi mayi anga, ndipo kuwataya sindingathe.

W.Z., mumzinda

Achimwene a W.Z.,

Kalata yanu ndaidumphitsa pamzere chifukwa cha Lolemba lanulo, ndiye tisazungulire. Kwa kochiko pitani. Zozemba mukuganizazo musiye. Ndipo amalume anu muwauze nokha, ndi pakamwa panu, Lolembalo lisanafike. Zotsalazi ndikungofotokoza chifukwa chake.

Ndiyambe ndaulula kuti ine cholemera chimene ndimanyamula ndi ndowa ya madzi, nayonso ndimapumira panjira. Choncho kalata yanu ndinawawerengera anthu awiri odziwa: dokotala wina amene ndimadziwana naye, ndi bambo wina wopuma pantchito amene anaweruzapo mipikisano yotere. Bamboyo titafika pa galasi lolekezera pamchombo anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati si inu woyamba, akuti jimu iliyonse imatulutsa anthu ofanana ndi galasi lake. Dokotalayo sanaseke ngakhale pang'ono, ndipo za iye ndikuuzani posachedwa.

Mwafunsa ngati kochi ndi wofunikadi. Yankho lili m'kalata yanu yomwe. Zaka zisanu ndi chimodzi mwakhetsa thukuta, ndipo palibe amene angakutcheni waulesi. Koma theka la thupi lanu munali musanalionepo, ndipo mayi aja analiona pa mphindi imodzi. Zitsulo muli nazo kale, ndiye si zimene mukukalipira. Mukukalipira maso oima kumbuyo kwanu, a munthu amene si mbale wanu woti angakubisireni zoona poopa kukukhumudwitsani. Foni imene akunena Bomba ikhoza kukuonetsani mmene katswiri wakutali amanyamulira, koma siingaone kuti inuyo mukupendekera mbali imodzi chifukwa cha phewa, ndiponso siidziwa kuti mwaswera kugubuduza matayala a lole. Safunsa anadya phula, ndipo foni siibweza funso.

Palinso nkhani ya nthawi. Mpikisano wotere uli ndi tsiku lake, ndipo thupi liyenera kufika pachimake pa tsiku limenelo, osati kutatsala sabata kapena patapita sabata. Kudziwa kuti chakudya chichepe liti, chiwonjezeke liti, tsiku lopuma likhale liti, ndi ntchito ya munthu amene wadutsitsapo anthu ambiri m'njira imeneyo. Mazira, nyemba, mpunga ndi mkaka aliyense amazidziwa, chovuta ndi muyezo woyenera inuyo ndi ntchito yanu. Ndiye palinso kaimidwe. Bambo woweruza uja akuti waonapo anthu a matupi abwino akugonja kwa anzawo ocheperapo, chifukwa chosadziwa kuonetsa chimene ali nacho. Inu kaimidwe munakaphunzirira pa siteji pomwepo, posuzumira mnzanu ngati wobera mayeso. Zimenezo zimatenga milungu yambiri, munthu wina akukukonzani chigongono ndi phazi tsiku ndi tsiku.

Tsopano za madzi, ndipo apa ndilankhula mosapsatira. Dokotala uja anati kukhala masiku awiri osamwa madzi, kenako n'kukakunga minofu pansi pa magetsi otentha, n'kusewera ndi impso ndi mtima. Munangogwada, muthokoze Mulungu, ena amatuluka pa machira. Musadzachitenso, kaya wakuuzani ndani, ngakhale kochi amene. Ndipo musanayambe, pitani kuchipatala akakuyezeni kuthamanga kwa magazi, akaonenso phewalo. Chinthu chowawa chaka chathunthu sichikukula ayi, chikuwonongeka. Pa jakisoni wa Bomba sindiwonongapo inki yambiri. Miyendo ya milungu isanu ndi umodzi mudzailipira ndi chiwindi, mtima, ndiponso mphamvu za kuchipinda zimene mudzazifuna mukadzakwatira. Bombayo sadzakhalapo pamene muzidzafotokozera mkazi wanu. Mumuuze kuti zikomo, n'kudutsa.

Komatu musaganize kuti aliyense wokoleka tepi m'khosi ndi mngelo. Kochi mukumulemba ntchito, ndiye muli ndi ufulu womufunsa mafunso. Mayi a tepiwo ndawakonda pa zimene mwalemba: anakupatsani madzi asanakupempheni kanthu, sanakulonjezeni chikho, ndipo jakisoni akukana. Komabe apempheni kuti mulankhule ndi ophunzira awo awiri, mmodzi akhale amene sanapambane, chifukwa wopambana amayamikira chilichonse. Afunseni ngati malipirowo akuphatikiza dongosolo la chakudya, kaimidwe, ndi kukhala nanu tsiku la mpikisano. Afunseninso kuti mukavulala pakati pa njira zidzatha bwanji. Zimene mwagwirizana zilembedwe, aliyense asunge pepala lake. Kudzimana mukunenako kukhale kwa zinthu zanu, osati kwa zimene mumathandiza pakhomo.

Mukayamba, muziwauza zoona. Mukadya zosayenera nenani, mukalephera kupuma nenani, chifukwa kope lija likadzaza mabodza, malangizo otuluka m'menemo adzakhalanso abodza. Musayembekezere zozizwitsa. Miyendo imene yagona zaka zisanu ndi chimodzi siidzuka yonse pa miyezi inayi. Chaka chino cholinga chikhale kutembenuka pa siteji, kuima bwino mpaka kumapeto, n'kutsika nokha popanda wokugwirani m'khwapa.

Nzeru yanu ya m'mawa kwa kochi, madzulo kushedi, ndiyo yandikwiyitsa. Mapanga awiri avumbwitsa, achimwene. Minofu imakula popuma, ndiye mukamanyamula kawiri patsiku, pakati pake muli pa matayala, mudzafika pa mpikisano mutatheratu, phewalo litakukanani. Kochi adzaona kuti manambala a m'kope sakuyenda ndipo adzadziwa. Amalume nawonso si mwana. Ntchafu sizibisika, ndipo thalauza likadzayamba kuthina adzafunsa ngati kuntchito kwanu kwasunthira kutali. Taonani bwino chimene mukukonza. Mukufuna kuchita ndendende zimene anachita Sipanala, n'kumayembekezera kuti mathero ake adzasiyana.

Werenganinso nkhani ya Sipanala mmene mwailembera. Simunanene kuti amalume anamukaniza kupita. Sanapatsidwe n'komwe mwayi wokana kapena kuvomera. Ananamizidwa kuti munthu akudwala, mwina ankamudera nkhawa, kenako n'kukamva kwa kasitomala, pantchito pawo, pamaso pa anthu. Munthu wamkulu kusiyidwa amapirira, koma kupusitsidwa kumamupweteka koposa. Sindikunena kuti mukawauza adzakuomberani m'manja. Ndikunena kuti njira imene mukuiopa palibe anaiyesapo, pamene imene mukuisankha inayesedwa kale ndipo zotsatira zake mumazionera pamsewu.

Musaganizenso kuti amalume anu ndi akhungu. Anali m'holo muja. Za miyendo yobwereka anazimva, ndipo anakuonani mukugwada chifukwa cha malangizo awo. Munthu amene anaika mlongo wake m'manda n'kutenga mwana, ataona mwanayo akugwa, mtima wake unali pati? Kukangana ndi oweruza kuja n'kutheka kuti kunali kubisa mantha ndi manyazi. Inu munawathandiza kubisa povomera kuti akuberani, ndiye chaka chathunthu mwakhala anthu awiri m'nyumba imodzi mukusungirana bodza limodzi. Chitsulo chofiiracho ndi njira yawo yonenera kuti akufuna kukonza zinthu. Vuto n'lakuti pokonza amangodziwa chifuwa ndi mikono.

Wosayamika sindinu. Chifuwa chimene holo inachitira phokoso ndi ntchito ya amalume, ndipo kochi sakanakuyang'anani kawiri pakanapanda chimenecho. Anakutengani muli waya n'kukufikitsani pamene nzeru zawo zalekezera, mazira akupereka okha. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndiye kupita patsogolo si mlandu. Mlandu ndi kunyoza kumene mwachokera. Pajatu akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, ndipo inu a kushedi mwambi umenewu ukukukhudzani kuposa aliyense.

Ndiye chitani izi. Sankhani nthawi imene sali pantchito, chigoba chija atachivula, ndipo pasakhale anzanu a kushedi. Musatume mayi akunyumba kuti akakunenereni, nkhaniyi ndi yanu, ndipo iwo musawaike pakati. Yambani ndi kuthokoza, motchula zinthu chimodzichimodzi: benchi, mazira, ntchito imene anakupezerani. Kenako aonetseni chithunzi chija mwakachetechete, osawonjezera ndemanga. Wowotcherera akaona tebulo la miyendo yofooka amadziwa yekha, simukufunika kumufotokozera. Za madzi musazitchule ngati mlandu, akazitchula okha mvetserani. Mukatero nenani chimene mwasankha. Musapemphe chilolezo pamene mukudziwa kuti akakana mudzazemba. Ingonenani kuti, "Amalume, ndaganiza zoti miyezi inayi ikubwerayi ndikaphunzire kwa kochi, ndipo ndafuna mumve kwa ine musanamve kwa wina." Zikavuta, musathawirenso ku nkhani ya geti.

Mukatha pamenepo apempheni ntchito, yeniyeni osati yongowanyengerera. Akuwotcherereni poimika chitsulo cha miyendo, kuti mukadzabwerera kushedi mudzachipeze, anzanu omwe apindule nacho. Apempheninso kuti tsiku la mpikisano adzakhale nanu kuseri kwa siteji, kochi akavomera, osati kumbuyo kwa holo. Galasi lalitali musathamangire kugula, panopa likhoza kuoneka ngati chipongwe. Chikho musawalonjeze, chifukwa sichili m'manja mwanu.

Konzekerani kuti akhoza kunyanyala. Akhoza kukhala masiku osakulankhulani, akhozanso kuchotsa lamba wanu pamsomali. Zikatero musabweze mawu, musasamuke pakhomo, ndipo kwa kochi musasiye. Moni muzipereka m'mawa uliwonse, ayankhe asayankhe, ndipo ntchito zanu zapakhomo zisatsike. Kunja musakanene kuti kushedi n'kwa anthu osadziwa, ngakhale mwanthabwala, chifukwa mawu otere amakafika kunyumba mwini wake asanafike. Mayi a tepi muwauze zonsezi, adziwe kuti mukuchokera m'nyumba yotani.

Chenjezo langa ndi ili. Musadikire kuti mupambane kaye n'kudzaulula chikho chili m'manja. Tsiku limenelo amalume anu adzathamangira kutsogolo, adzakukumbatirani poganiza kuti ntchito ndi yawo, ndipo ali chikukumbatireni choncho, wolengeza adzatchula dzina la kochi wanu pa chimkuzamawu, holo yonse ikumva. Mkwiyo wa munthu amene mwamuuza zoona uli ndi polekezera, koma manyazi amenewo adzapita nawo kumanda. Musawachititse zimenezo. Pindani nyuzipepalayi, musambe m'manja, mukawapeze lero lomwe.

Aphungu